Kaodzera, Fodya ndi Eni Ake a Kafukufuku: Phunziro la ku Kasungu

Ife a m'mbali mwa nyanja sitili alendo ku Kasungu. Kale kwambiri, misewu ya phula isanabwere, amalonda ochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota ankakwera mapiri n'kudutsa m'dziko la Mwase Kasungu polowera ku Luangwa, ndipo mafumu awiriwa anali pa ubale wa malonda. M'zaka za makolo athu, njira yomweyo inasanduka ya alimi a matenanti. Malole ankanyamula mabanja ku Mangochi, ku Machinga ndi kumaboma ena a kummwera kukawatula m'maesiteti a fodya a ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Mzimba. Ambiri mwa ife tili ndi m'bale amene anakathyolako fodya kumeneko. Tikamafunsa za umoyo wa anthu a m'zigwa za Kasungu, ndiye kuti tikufunsa za magazi athu omwe.

Funso lathu ndi ili: m'zaka zoposa 100 zapitazi, ndani wakhala akufufuza matenda a anthu a dera limeneli, ndipo mayankho ake akhala akupita kwa yani? Mbiri ya Kasungu ikuyankha funsoli momveka bwino kuposa malo ambiri m'dziko muno, chifukwa kumeneko kuli matenda awiri: amodzi amene anafufuzidwa mpaka mankhwala abwino atapezeka, ndi ena amene mpaka lero akudikira owafufuza.

Ntchentche imene inasamutsa midzi

M'zaka za m'ma 1890, mliri wa chiweto wotchedwa rinderpest unapha ng'ombe ndi nyama zakutchire zambiri m'chigawo chino cha Africa. Nyama zitachepa, ntchentche za kashembe, zimene zimadya magazi a nyamazo, zinachepanso. Koma patapita zaka zowerengeka nyama zinayamba kuchulukanso, makamaka chifukwa boma la atsamunda linaletsa anthu akuda kusaka momasuka, ndipo kashembe anabwerera mwamphamvu. Cha m'ma 1908 madokotala a boma la Nyasaland anayamba kupeza anthu odwala nthenda imene eni dziko ankaitchula kuti kaodzera. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, kenaka n'kusokonezeka, kumangoodzera usana, ndipo pakatha masabata kapena miyezi yochepa n'kumwalira.

Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anazindikira kachilombo koyambitsa mtundu uwu wa kaodzera m'magazi a munthu amene anadwalira ku chigwa cha Luangwa, n'kukatcha Trypanosoma rhodesiense. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, akugwira ntchito ku Luangwa komweko, anatsimikiza kuti kashembe wa m'thengo ndi amene amafalitsa kachilomboko. Pa nthawi yomweyo bungwe la Royal Society la ku London linatumiza gulu lotsogozedwa ndi Sir David Bruce, limene linamanga msasa pa phiri la Kasu m'dera la Dowa n'kufufuza nthendayi mpaka 1914. Bruce anapeza kuti nyama zakutchire zimasunga kachilomboka m'magazi mwawo popanda kudwala, ndipo analangiza kuti nyamazo ziphedwe m'madera okhala anthu.

Ntchito imeneyi inali yaukatswiri, ndipo sitingaipepule. Koma tiyenera kuona m'mene inayendera. Amene ankagwira ntchentche m'thengo, kunyamula katundu, kusunga agalu ndi anyani oyeserapo, ndi kumasulira zonena za odwala anali anthu a kuno. Zolembedwa zonse zinasindikizidwa ku London m'Chingerezi, ndi maina a azungu okha. Gululo litanyamuka, zipangizo ndi luso zinanyamuka nalo. Chimene chinatsalira anthu a ku Kasungu chinali lamulo. Mu 1922 anthu a kumadzulo kwa boma, kufupi ndi malire a Northern Rhodesia, anasamutsidwa chifukwa cha kaodzera, ndipo malo awo anasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 analengezedwa kukhala malo osungira nyama, ndipo mu 1970 anakhala Kasungu National Park, ya masikweya kilomita oposa 2,300. Anthu ndi amene anachoka, nyama ndi kashembe n'kutsala. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo kafukufuku wa nthawi imeneyo anali mame otere.

Mwana wa ku Kasungu amene anakhala dotolo

N'zochititsa chidwi kuti dera lomwelo ndi limene linabala mmodzi mwa madokotala oyambirira a dziko lino. Dr Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu ndiye anatsegula njira pomaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1917. Patatha zaka 20, mu 1937, Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu anamaliza pa sukulu yomweyo, kenaka n'kukapitiriza ku Edinburgh. Koma onse awiriwa anachita kuwoloka nyanja zamchere kuti apeze maphunzirowo, ndipo Dr Banda anagwira ntchito ya udokotala ku Britain ndi ku Ghana, osati kwawo, mpaka pamene anabwerera pa 6 July 1958 kudzatsogolera ndale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, linakhalabe zaka 27 lopanda sukulu yakeyake yophunzitsa madokotala. Ana a sukulu ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Mu 1981 ku Mtunthama, ku Kasungu komweko, kunatsegulidwa Kamuzu Academy, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, pamene College of Medicine inadzatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 pambuyo pa khama la anthu monga Professor John Chiphangwi. Kusiyana kwa zaka ziwirizi kukutiuza kanthu kena za m'mene dziko linasanjira zofunika zake. Dziko lopanda sukulu ya udokotala silingakhale ndi ofufuza akeake, pakuti wofufuza amabadwa kuchokera kwa mphunzitsi amene nayenso amafufuza.

Zimene zinasintha, ndi gawo la anthu a kunyanja

Vutoli silinali la Malawi yekha. Mu 1990 bungwe la akatswiri lotchedwa Commission on Health Research for Development linaonetsa kuti ndalama zofufuzira matenda padziko lonse zinkathera pa mavuto a maiko olemera, pamene matenda ambiri ndi imfa zambiri zinali m'maiko osauka. Bungwelo linalangiza kuti dziko lililonse lizipatula magawo awiri pa 100 alionse a ndalama za zaumoyo kuti zipite ku kafukufuku, ndipo maiko opereka thandizo azipatula magawo asanu. Pempho lomweli linabwerezedwa pa msonkhano wa nduna ku Bamako m'dziko la Mali mu 2008.

Kuno kwathu mbewu zina zinali zitafesedwa kale. Ku Chilumba m'boma la Karonga, kafukufuku wa khate amene anayamba mu 1979 anakula n'kuyamba kufufuzanso chifuwa chachikulu ndi Edzi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth, Dr Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor anayamba mu 1986 kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo njira imene anakonza yoyezera kukomoka kwa mwana imadziwika padziko lonse ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Mu 1995 kunakhazikitsidwa pulogalamu ya Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo ku Lilongwe yunivesite ya North Carolina inayamba kugwira ntchito limodzi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu.

Pamenepa tiyenera kukumbutsana chinthu chimene mabuku a mbiri satchula kawirikawiri. Pakati pa 1987 ndi 1990, amayi oyembekezera oposa 4,000 a m'boma la Mangochi analola kulowa m'kafukufuku wa malungo amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la CDC la ku America, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake anali Dr Jack Wirima. Ambiri mwa amayi amenewo anali amayi athu, azakhali athu ndi alongo athu a Chisilamu. Iwo anapereka magazi awo kuti ayezedwe, analola kuti ana awo aikidwe pa sikelo atangobadwa ndi kuwatsatira mpaka atakula pang'ono. Zotsatira za ntchito ya ku Mangochi zinathandiza kuonetsa kuti mankhwala a chloroquine anali atasiya kugwira ntchito, ndiponso kuti Fansidar woperekedwa kwa mayi woyembekezera amateteza mayi ndi mwana. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kugwiritsa ntchito Fansidar ngati mankhwala oyamba a malungo. Njira yopereka Fansidar kusikelo inafalikira m'maiko ambiri a Africa. Momwemonso, mabanja a ku Lungwena, kutsidya kwa nyanja, akhala akuthandiza kafukufuku wa kakulidwe ka ana ndi zakudya kuyambira m'ma 1990, ntchito imene akatswiri a ku Malawi monga Professor Kenneth Maleta anakuliramo.

Kuyambira pamenepo dzina la Malawi lakhala likumveka. Mu 2011 kafukufuku amene Lilongwe ndi Blantyre anatengamo mbali anaonetsa kuti munthu womwa ma ARV msanga amachepetsa ndi magawo 96 pa 100 mpata wopatsira mnzake wapabanja kachilombo ka HIV. Chaka chomwecho Malawi anayambitsa yekha ndondomeko yopereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilomboka, ndipo maiko ena anatengera. Pa 23 April 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana. Ku Blantyre, ana pafupifupi 28,000 analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi, amene mu 2023 anaperekedwa m'dziko lonse.

Komabe funso la umwini linali lisanathe. Ndalama zambiri za ntchito zimenezi zimachokera kunja, ndipo wolipira ndiye kawirikawiri amasankha funso loti lifufuzidwe. Pofuna kukonza zimenezi, Wellcome Trust ndi boma la Britain anapereka ndalama pafupifupi mapaundi 10 miliyoni ku ntchito yotchedwa Health Research Capacity Strengthening Initiative, imene inayenda mpaka cha m'ma 2013 pansi pa National Commission for Science and Technology. Ntchitoyi inalipirira ophunzira a madigiri apamwamba, inapereka ndalama zofufuzira kwa Amalawi, ndipo inathandiza kulemba mndandanda woyamba wa nkhani za zaumoyo zimene dziko lenilenilo likufuna kuti zifufuzidwe, wa zaka za 2012 mpaka 2016. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinayamba kugwira ntchito ngati yunivesite imodzi yoima payokha, ya Kamuzu University of Health Sciences.

Kaodzera anapezeredwa mapiritsi

Tibwerere ku kashembe. Kaodzera sanathe. Mpaka lero amapezeka m'midzi yozungulira Kasungu National Park, nkhalango ya Nkhotakota ndi dambo la Vwaza ku Rumphi, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko amene amapeza odwala ambiri a mtundu uwu. Mu 2019 ndi 2020 odwala anachuluka kuposa 80 chaka chilichonse. Kwa zaka zoposa 70, munthu amene kachilombo kamufika mu ubongo ankabayidwa mankhwala a melarsoprol, opangidwa kuchokera ku poizoni wa arsenic. Mankhwalawa amawotcha mitsempha, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 alionse olandira ankamwalira ndi mankhwala enieniwo. Asanalandire, wodwala ankayenera kubooledwa pamsana kuti atengedwe madzi oyeza.

Mu 2019 bungwe la DNDi, pamodzi ndi unduna wa zaumoyo wa Malawi ndi anzawo a ku Uganda, linayamba kuyesa mapiritsi a fexinidazole pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi chipatala cha Lwala ku Uganda. Odwala 45 analowa m'kafukufukuyu, ambiri mwa iwo Amalawi. Amene ankayeza magazi, kulemba zotsatira ndi kutsatira odwala m'midzi anali madokotala, anamwino ndi ogwira ntchito mu labotale a pa chipatala cha boma, ophunzitsidwa mwapadera chifukwa cha ntchitoyi. Mu December 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza mapiritsiwa, amene wodwala amamwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, ndipo mu 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika patsogolo pa mankhwala a nthendayi.

Tikayerekeza msasa wa pa Kasu ndi chipatala cha Rumphi, kusiyana kukuonekera poyera. Zaka zoposa 100 zinadutsa pakati pake. Ulendo woyamba luso linapita ndi alendo. Ulendo wachiwiri linatsala m'manja mwa anthu amene adzakhalabe pa chipatalapo mawa. Ichi ndicho chimene amatanthauza akamati kumanga luso la kafukufuku m'dziko.

Tsamba lili ndi akatswiri ake

Koma ku Kasungu kuli nthenda ina imene sinachite mwayi wotere. Fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko lino, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene amalima fodya wambiri, mpaka msika wa okushoni unakhazikitsidwa pa Chinkhoma. Chifukwa cha kufunika kwake, tsamba la fodya lili ndi ofufuza akeake. Bungwe la ARET, limene linakhazikitsidwa mu 1995, limalandira ndalama zodulidwa pa fodya wogulitsidwa, ndipo lili ndi malo ofufuzira ndi ophunzitsira pa Mwimba ku Kasungu. Kumeneko amadziwa matenda a fodya, tizilombo ta m'nthaka tomwe timadya mizu yake, ndi mbewu zopirira. Ndalama zake sizidikira mlendo. Zimachokera m'belo lililonse.

Nanga wothyola tsambalo? Madokotala a ku Florida ku America anafotokoza mu 1970 nthenda imene imagwira anthu othyola fodya wamuwisi. Tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunukira m'madziwo n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Munthu amamva nseru, amasanza, mutu umawawa, amachita chizungulire n'kufooka. Mwana, pokhala ndi thupi laling'ono, amavutika kwambiri. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti litacheza ndi ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya m'maboma angapo kuphatikizapo Kasungu. Lipotilo linati ana oposa 78,000 ankagwira ntchito m'maesiteti a fodya, ndipo linachenjeza kuti wothyola angathe kuyamwa nikotini wokwana mamiligalamu 54 patsiku, ngati wasuta ndudu 50. Dziko lonse linadzidzimuka. Koma chiwerengero cha mamiligalamucho chinabwerekedwa ku kafukufuku wa kunja, osati kuyezedwa m'matupi a ana a ku Kasungu.

Pano ndi pamene pagona nkhani. Fodya amathyoledwa nthawi ya dzinja, pamene malungo nawonso amakhala pachimake, ndipo zizindikiro za matenda awiriwa n'zofanana. Mayi wa pa esiteti akaona mwana wake akusanza ndi kudandaula mutu, amaganiza malungo. Kuchipatala akayeza malungo n'kusapezeka, mwanayo amabwezedwa ndi panado, mawa n'kulowanso m'munda. Nthenda imene ilibe dzina m'kaundula wa chipatala siwerengedwa, ndipo yosawerengedwa siipatulidwira ndalama. Lamulo la 2021 linathetsa ulimi wa matenanti, ndipo mu 2023 Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa fodya. Koma lamulo silivala magolovesi m'malo mwa mlimi, ndipo mabanja zikwizikwi akuthyolabe fodya ndi manja osaphimba m'minda yawoyawo. Funso ili silidzafufuzidwa ndi anthu a kutali, chifukwa kwawo si vuto lalikulu. Likudikira mwana wa kuno amene anaona m'bale wake akusanza m'chigafa.

Udindo wathu

Kufufuza matenda si chinthu chachilendo kwa Asilamu. Abu Bakr al-Razi, dotolo wa ku Rayy ndi Baghdad amene anamwalira cha m'ma 925, analemba mwatsatanetsatane kusiyana kwa nthomba ndi chikuku. Pofuna kudziwa ngati njira ina yochizira inkathandizadi, iye anapereka chithandizocho kwa gulu limodzi la odwala n'kusiya dala gulu lina kuti ayerekeze. Ofufuza a lero amamuwerengera pakati pa anthu oyamba kuganiza motere. M'zaka za m'ma 1200, Ibn al-Nafis anafotokoza m'mene magazi amadutsira m'mapapo. Ngakhale Khalifa Umar (Allah asangalale naye), atamva kuti ku Sham kwagwa mliri, anafunsa maganizo a maswahaba n'kubwerera panjira osalowa m'dzikolo. Kudalira Allah ndi kufunafuna chifukwa cha nthenda zakhala zikuyendera limodzi kuyambira pachiyambi.

Chimene chinatichedwetsa kuno kwathu chikudziwika. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo athu, poopa kuti ana awo asiya Chisilamu, anawasunga kumadrasa. Anateteza chikhulupiriro, ndipo tikuwathokoza. Koma zotsatira zake n'zakuti kwa nthawi yaitali maboma a kunyanja apereka anthu ambiri oyezedwa ndi ochepa oyeza. Lero chopinga chimenecho chinachoka, ndipo mabungwe monga Islamic Zakaat Fund akhala akulipirira ana athu maphunziro.

Tsono pali zinthu zitatu zimene banja lililonse ndi mzikiti uliwonse zingachite. Choyamba, mwana amene akukhoza masamu ndi sayansi, wamkazi kapena wamwamuna, asasiye sukulu chifukwa cha fizi, ukwati, usodzi kapena ulendo wa ku Joni. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002 chifukwa chosowa fizi, koma anapanga makina a magetsi oyendera mphepo powerenga mabuku a mulaibulale yaing'ono. Nzeru zotere zilipo m'mudzi uliwonse, ndipo gawo la zakaat ndi sadaka zathu lingazifikitse ku yunivesite.

Chachiwiri, ofufuza akabwera m'mudzi mwathu, tisawathawe komanso tisangovomera. Mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kummwera ndipo zinaimitsa ntchito za zaumoyo. Mankhwala a mphekesera ndi mafunso. Tili ndi ufulu wofunsa ngati kafukufukuyo wavomerezedwa ndi komiti ya unduna wa zaumoyo kapena ya yunivesite, magazi athu akupita kuti, ndiponso ngati adzabwera kudzatiuza zotsatira m'chilankhulo chathu. Tili ndi ufulu wokana popanda kutaya chithandizo cha kuchipatala. Mashehe ndi amayi a dawa angathandize kuti mafunso amenewa afunsidwe poyera.

Chachitatu, tikumbutse aphungu athu kuti dziko limene limadula ndalama pa belo lililonse kuti lifufuze matenda a tsamba lingathenso kupatula kanthu kofufuzira matenda a mlimi. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Thandizo la kunja lili pachala: lero lilipo, mawa mphepo ya ndale za kwa eni yaliuluza. Chimene tingachiwerengere ndi ana athu ophunzitsidwa, malabotale a m'zipatala zathu za m'maboma, ndi ndalama za m'thumba la dziko lathu.

Amayi a ku Mangochi anapereka kale gawo lawo pamene anatambasula mikono kuti magazi awo ayezedwe, ndipo ana a maiko ambiri ali moyo chifukwa cha iwo. Chotsala n'chakuti adzukulu awo akhale mbali inayo ya thebulo, atagwira cholembera ndi makina oonera tizilombo, akufunsa mafunso a kwawo. Allah atipatse nzeru zopindulitsa, ndipo achiritse odwala athu a kunyanja ndi a kumtunda.